Pilisi Lingacepetse Mantha, Koma Silimasula Lilime

Masiku ano nkhani za maganizo sitikuzibisanso monga kale. Pa WhatsApp, pa TikTok, ngakhale m'minibasi, acinyamata akukamba za depression na anxiety poyela, ndipo ici n'cabwino. Koma kumasuka kumeneku kwabwela na funso limene ife amene tili na cibwibwi tikulimva kawili-kawili: "Bwanji osangomwa ma antidepressant? Si mantha cabe amene amakugwilani pakamwa?" Ena amafunsa mwacikondi. Ena amafunsa cifukwa alema kutiyembekezela kuti titsilize zokamba. Nthawi zina timadzifunsa tekha, maka-maka tikacoka pa interview pamene dzina lathu leni-leni linakana kutuluka.

Maganizo athu ni awa. Cibwibwi na nkhawa zimayendela pamodzi, koma si cinthu cimodzi. Ma antidepressant anawapangila kupsinjika maganizo na nkhawa yaikulu, osati lilime. Munthu amene nkhawa yam'fooketsa mpaka kulephela kukhala bwino ali na ufulu wonse womwa mankhwalawa, ndipo palibe camanyazi. Koma amene akuyembekezela kuti pilisi lidzam'thandiza kuchula "Kalingalinga" mosadodoma adzataya ndalama, miyezi na ciyembekezo. Conco tisanakangane zakuti timwe kapena tisamwe, tiyambe tafunsa kuti: kodi tifuna kucilitsa ciani?

Cibwibwi sicicokela ku mantha

Cibwibwi nthawi zambili cimayamba mwana ali na zaka pakati pa 2 na 5, pamene akuphunzila kulumikiza mau. Pafupifupi ana 5 pa 100 alionse amakhalako naco kwa kanthawi, ndipo ambili a iwo cimawasiya akamakula. Otsala ndife. Pa anthu akulu-akulu, ni munthu mmodzi pa 100 alionse, ndipo amuna ndiwo ambili, pafupifupi anayi pa mkazi mmodzi. Kalembela wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu pafupifupi 19.6 miliyoni. Mukawelengetsa, mudzaona kuti ife a cibwibwi tingadzaze National Heroes Stadium, ena n'kutsala panja.

Cibwibwi cimakonda kuyenda m'banja. Ambili a ife tili na amalume, agogo kapena msuweni amene amadodoma monga ife. Mu 2010, gulu la asayansi lotsogoleledwa na Dennis Drayna ku America linafalitsa zimene linapeza m'mabanja a ku Pakistan: kusintha kwina kwa m'cibadwa kumene kumagwilizana na cibwibwi. Pambuyo pake anafufuzanso banja lina lalikulu la ku Cameroon. Ofufuza za ubongo nawonso aona kuti mbali zimene zimakonza na kutumiza mau ku milomo, lilime na kholingo zimagwila nchito mosiyanako mwa munthu wa cibwibwi. Si ufiti, si ciwanda, si ulesi, komanso si kupelewela nzelu. Timadziwa bwino-bwino mau amene tifuna kukamba. Vuto limakhala pa kuwatulutsa panthawi yake.

Ndiye cifukwa cake ambili a ife timaimba m'kwaya popanda kudodoma, kapena kuwelenga bwino tikamawelengela pamodzi na kilasi yonse. Anthu akaona izi amati, "Mwaona? Amacita dala uyu." Si dala. Kuimba kuli na kayendedwe kake kamene kamathandiza ubongo kusunga nthawi ya mau.

Nanga mantha amabwela liti? Mwana wa zaka 3 amene akubweleza "a-a-amama" sayopa ciliconse. Mantha amawaphunzila pambuyo pake: tsiku limene kilasi inaseka atapatsidwa ndime yakuti awelenge, tsiku limene wacikulile anamuuza mokalipa kuti "kamba bwino iwe", tsiku limene anzake anam'patsa dzina lacipongwe limene linam'kakamila mpaka Grade 12. Katswili wina wa ku America, Joseph Sheehan, anayelekezela cibwibwi na cimwala ca madzi oundana coyandama pa nyanja, cimene mbali yake yaikulu imabisika pansi. Kuno tingakambe kuti cili monga mvuu mu Luangwa. Imwe mumaona maso na makutu cabe, kumene ni kudodoma kuja. Thupi lonse lili pansi pa madzi: manyazi, mantha, na kuthawa.

Kuthawako timakudziwa bwino. Kupitilila pa siteji yathu cifukwa mau ouza kondakitala kuti tiseluka anakana. Kuonetsa namba pa foni ku buti ya mobile money m'malo moichula. Kusiya foni ikulila mpaka ileke, kenako n'kutumiza meseji. Kugula cinthu cimene sitinali kufuna cifukwa dzina lake n'losavuta kukamba. Kusankha kosi imene sitiikonda cifukwa ilibe zoimilila kutsogolo. Kwa ena a ife, izi zimakula mpaka kukhala matenda eni-eni amene madokotala amati social anxiety disorder, kuyopa kwambili kuweluzidwa na anthu. Apa m'pamene nkhani ya mankhwala imayambila.

Zimene mapilisi amacita, na zimene sacita

Ma antidepressant ofala kwambili masiku ano ni a gulu la SSRI, monga fluoxetine, sertraline na paroxetine. Amagwila nchito pa serotonin, mankhwala ena acibadwa a mu ubongo. Amathandiza anthu ambili amene ali na depression komanso nkhawa yaikulu, kuphatikizapo kuyopa anthu kumene tachula. Izi n'zoona, ndipo tisazikane.

Koma pali zinthu zimene ma video aafupi sachula. Mankhwalawa sali monga Panado, amene umamwa mutu n'kuleka kuwawa. Amatenga milungu ingapo, kambili 4 mpaka 6, kuti munthu aone kusintha kweni-kweni, ndipo amafunika kumwa tsiku lililonse kwa miyezi. Angabweletse mselu, kusokoneza tulo, na kucepetsa cilakolako ca kugonana. Kuwaleka mwadzidzidzi kungabweletse cizungulile, kukwiya msanga na kumva monga thupi likugwidwa na malaiti. Kuwonjezela apo, mu 2004 bungwe la FDA ku America linalamula kuti pa mankhwalawa pakhale cenjezo lakuti angawonjezele maganizo ofuna kudzipha mwa ana na acicepele, ndipo mu 2007 cenjezoli linafikanso kwa acinyamata osakwana zaka 25. Izi sizitanthauza kuti mankhwalawa ni poizoni. Zitanthauza kuti wa msinkhu wathu akayamba kumwa, afunika kuonana na dokotala pafupi-pafupi m'milungu yoyamba, ndipo wina wa panyumba afunika kudziwa. Palinso amitriptyline, mankhwala akale amene amapezeka m'zipatala zambili. Amathandiza, koma munthu akamwa ambili mopitilila angaimitse mtima.

Nanga pa cibwibwi ceni-ceni? Ofufuza anayesako ma antidepressant pa magulu ang'ono-ang'ono a anthu, ndipo sanapeze umboni wolimba wakuti amawongola kakambidwe. Palinso malipoti a madokotala onena za anthu ocepa amene anayamba kudodoma atayamba kumwa ena mwa mankhwalawa. Mankhwala amene aonetsako kusintha pang'ono ni a mtundu wina, ocepetsa mphamvu ya dopamine, monga haloperidol, risperidone na olanzapine. Awa ni mankhwala amphamvu a matenda aakulu a maganizo, ndipo angabweletse kunenepa kwambili, tulo tosatha, na kugwedezeka kwa thupi kumene munthu sangakuletse. FDA sinavomelezepo mankhwala alionse kuti ni ocilitsa cibwibwi. Munthu akakugulitsani pilisi kapena botolo la zitsamba n'kukuuzani kuti limathetsa cibwibwi, sungani ndalama zanu.

Tikambenso za "mankhwala" amene timadzipatsa tekha, cifukwa m'komboni ndiwo ali pafupi. Kabotolo ka mowa tisanapite kukakamba na mtsikana. Camba. Diazepam wogula kwa mnzathu amene ali na njila zake. Zonsezi zingakhazike mtima pansi kwa maola ocepa, koma zimaphunzitsa ubongo bodza loopsa lakuti sitingakambe popanda izo. Diazepam amazoloweleka msanga, ndipo kum'sakaniza na mowa kungaimitse kupuma. Ngakhale propranolol, amene madokotala nthawi zina amapeleka kuti mtima uleke kuthamanga munthu akamakamba pa gulu, ni woopsa kwa munthu wa asima. Tinayamba na vuto limodzi, tisadziwonjezele lina.

Njila zopanda mankhwala

Pa cibwibwi, thandizo limene lili na umboni wabwino ni kuphunzila kakambidwe. Kwa ana aang'ono pali njila monga Lidcombe Program ya ku Sydney, Australia, imene makolo amacita na mwana kunyumba tsiku na tsiku motsogoleledwa na katswili. Kwa akulu pali njila zophunzila kukamba mofatsa, kuyamba mau mofewa na kuwalumikiza, monga Camperdown Program, yocokelanso ku Sydney. Palinso njila ya Charles Van Riper, katswili wa ku America amene nayenso anali na cibwibwi. Iye anaphunzitsa kuti m'malo molimbana na liu limene lakakamila, munthu aphunzile kumasula milomo na kutulukamo pang'ono-pang'ono, kudodoma mopanda nkhondo.

Pa mantha, pali Cognitive Behavioural Therapy, mwacidule CBT. Si kungoceza ayi. Munthu amaphunzila kugwila maganizo monga akuti "nikadodoma onse adzaniona wopusa", n'kuwayesa ngati ni oona. Kenako amayamba kucita zinthu zimene amayopa, kuyambila pa zing'ono: lelo kufunsa mtengo wa tomato pa msika, mawa kutumiza voice note, mlungu wamawa kuimba foni ku ofesi. Ku Britain, bungwe la NICE limene limalangiza zipatala za boma limati munthu wamkulu amene ali na social anxiety ayambe wapatsidwa CBT, ndipo mapilisi abwele ngati iye sakufuna CBT kapena ngati sinam'thandize mokwanila.

Mu 2008, Ross Menzies na anzake ku Australia anafalitsa kafukufuku amene amaonetsa bwino mfundo yathu. Anatenga akulu-akulu a cibwibwi n'kuwagawa pawili. Amene anaphunzila kakambidwe cabe anayamba kukamba bwinoko, koma mantha awo anakhalabe. Amene analandilanso CBT mantha awo anacepa kwambili, koma CBT sinawonjezele kanthu pa kucepetsa kudodoma. Mavuto awili, makiyi awili. Kiyi ya citseko cimodzi sitsegula cinzake.

Tisanamizane, njila zimenezi si zamatsenga. Zimafuna kuyeseza tsiku lililonse, ndipo kwa munthu wamkulu cibwibwi kambili sicithelatu. Cimacepa, cimabwelanso tikalema kapena tikapanikizika, n'kucepanso. Mfumu George VI ya ku Britain inayamba kuphunzila na Lionel Logue mu 1926, ndipo mu 1939 inali ikali kulimbana na mau pokamba pa wailesi za kuyamba kwa nkhondo. Nkhaniyi ndiyo ili mu filimu ya The King's Speech ya 2010. James Earl Jones, mwini liu la Mufasa mu The Lion King, anakhala zaka zambili ali mwana osakamba kweni-kweni, mpaka mphunzitsi wake anamulimbikitsa kuwelenga ndakatulo mokweza. Mpaka ukalamba wake anali kukamba kuti cibwibwi akali naco. Ed Sheeran amati kuloweza na kuimba rap ya Eminem kunam'thandiza ali mwana. Joe Biden anafika pa upulezidenti wa America akali kudodoma. Zimene zinawathandiza n'zosiyana-siyana, koma onse anacita cinthu cimodzi: anapitiliza kukamba.

"Koma kuno ni ku Zambia"

Wina angatitsutse, ndipo ali na mfundo. Akatswili a za kakambidwe m'dziko muno ni ocepa kwambili, ndipo kukumana na psychologist wa pulayiveti kumafuna ndalama zimene wacinyamata wa ku Chawama kapena ku Matero wosagwila nchito alibe. Mapilisi ni ochipa ndipo amapezeka msanga. Kodi kuuza munthu wotelo kuti "pita ku therapy" si cimodzimodzi na kuuza wanjala kuti akadye ku hotela?

Tikuvomeleza kuti kusiyanaku kulipo. Tikuvomelezanso kuti pali anthu amene nkhawa yawapanikiza kwambili cakuti sangayambe n'komwe kuyeseza kukamba. Kwa iwo, mankhwala angakhale cimene cimawadzutsa pa bedi n'kuwapatsa mphamvu zoyambila. Kuwanena kuti ni ofooka kapena opanda cikhulupililo ni nkhanza. Koma kuchipa kwa pilisi sikulipatsa mphamvu yocilitsa cimene silicilitsa. Mankhwala a malungo angakhale aulele, koma sangalunge fupa lothyoka.

Cinanso, thandizo la kukambilana silifuna nthawi zonse ofesi ya pa Kabulonga. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki n'kuthandiza anthu amene ali na vuto limene Ashona amati kufungisisa, kuganiza maningi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njilayi inacepetsadi zizindikilo za depression na nkhawa. Kuno kwathu bungwe la StrongMinds lakhala likuthandiza anthu a depression m'magulu okambilana. Mapulogilamuwa si a cibwibwi, koma aonetsa kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino angathandize anzawo popanda pilisi.

Ifenso tingayambe na zimene tili nazo. Anthu atatu kapena anayi a cibwibwi angakumane pa Ciwelu masana, aliyense n'kupatsidwa nthawi yokamba popanda wom'dula. Tingadzijambule pa foni tikuwelenga nyuzipepala mokweza, n'kumvetsela pamene timalimbitsa milomo. Tingayesenso cinthu cimene cimaoneka coopsa koma cimapeputsa mtima: kuulula poyamba. "Nili na cibwibwi, conco nthawi zina nidzatenga kanthawi." Mau ocepa amenewa pa ciyambi ca interview amacotsa nchito yaikulu yobisa, ndipo nchito yobisayo ndiyo imatilemetsa kuposa kudodoma.

Nthawi yopita ku cipatala

Pali zizindikilo zimene sitiyenela kuzinyalanyaza. Ngati kwa milungu iwili kapena kuposelapo mulibe cimwemwe pa ciliconse, simukugona, simukudya, mwaleka sukulu kapena nchito cifukwa coyopa anthu, kapena mwayamba kuganiza kuti kufa kuli bwino, imeneyo si nkhani ya lilime cabe. Pitani ku kiliniki. Ngati mufuna wokamba naye mwamsanga, Lifeline/Childline Zambia ili na manamba aulele, 116 ya ana na acicepele, na 933 ya akulu. Tikudziwa kuti dzina lakuti Chainama timaligwilitsila nchito ponyozana m'misewu, koma cija ni cipatala monga cina ciliconse, ndipo Mental Health Act ya 2019 inabwela kudzalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda kuti odwala maganizo azilemekezedwa.

Mukafika kwa dokotala, funsani mafunso osavuta: Mankhwalawa ni a ciani, nkhawa kapena kakambidwe? Nidzaona kusintha liti? N'ciani cimene nikaciona nibwelenso msanga? Tidzaleka bwanji? Ngati kukamba kukuvutani, lembani mafunsowo pa pepala. Ngati mukumwa kale, musaleke cifukwa ca nkhani ino. Kambilanani na amene anakulembelani. Ndipo munthu wamkulu amene sanakhalepo na cibwibwi akayamba kudodoma mwadzidzidzi, maka-maka ngati pakamwa papotoka kapena dzanja lafooka, m'thamangitsileni ku cipatala, cifukwa ingakhale sitiloko.

Mbali yanu, imwe omvetsela

Ngati mantha athu tinawaphunzila kwa anthu, ndiye kuti anthu angatithandizenso kuwacepetsa. Apa simufunika digili. Tikakakamila pa liu, yembekezelani. Musatitsilizile mau, cifukwa kambili mumatsiliza molakwika, ndipo timangovomela kuti nkhani ithe. Musatiuze kuti "pumula, kamba pang'ono-pang'ono". Takhala tikumva zimenezo kuyambila ku nursery, ndipo zikanakhala kuti zimathandiza tikanacila kale. Tiyang'aneni monga mmene mumayang'anila aliyense, ndipo yankhani zimene takamba, osati mmene tazikambila.

Imwe opanga ma skit pa Facebook na TikTok, munthu wododoma si nthabwala. Ma like amene mumapeza amalipilidwa na mwana wa Grade 5 amene mawa adzamva anzake akum'yelekezela mau omwewo. Aphunzitsi, funsani mwana pambali mmene afunila kuyankhila m'kilasi, m'malo mom'kakamiza kapena kum'dumpha caka conse. Olemba nchito, mphindi imodzi yowonjezela pa interview singagwetse kampani. Ndipo makolo, mwana wanu akayamba kudodoma, musam'menye kapena kum'kalipila. Khalani pansi, mumvetseleni, ndipo cikapitilila miyezi ingapo funsani ku kiliniki kumene mungapeze thandizo, cifukwa limagwila bwino nchito mwana akali wamng'ono.

Pa 22 October caka ciliconse, dziko lonse limakumbukila anthu a cibwibwi. Kuno tsikuli limapita mwakacetecete, ndipo mbali ina ni cifukwa cakuti ife eni ake tinazolowela kukhala cete. Dokotala angatithandize pa nkhawa, katswili angatiphunzitse kakambidwe, koma palibe amene angatikambile. Caka cino tiyeni tiimbe foni ija takhala tikuithawa, tikweze dzanja m'kilasi, tichule dzina lathu ngakhale litenge masekondi khumi. Ndipo imwe amene muli kumbali inayo, masekondi khumiwo tipatseni.